Mtengo wa Pawindo la Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga ananyamuka mu Seputembala, mitondo ndi miombo ya m'mapiri a kwathu itangoyamba kuphuka. Amene anadutsapo pamsewu waukulu wopita ku Chipata nyengo imeneyo akudziwa mmene kumaonekera. Dzuwa limakhala likuswa mtengo, udzu utapsa, mvula osamveka ngakhale fungo lake, koma mitengo imangotulutsa masamba ofiira psuu, mapiri onse n'kusintha mtundu. Mng'ono wangayo ndi namwino, ndipo anali atapeza ntchito kudziko lina la kumpoto kwenikweni, kozizira koopsa. Tonse tinakondwa, kupatula atate.

Atate sanamuletse, koma sanamudalitsenso. Anamuperekeza mpaka pokwerera minibasi ku Chinyunyu, n'kumuuza mawu awiri okha: "Ukaone, ubwele." Chimwalirireni amayi, mwana womalizayu ndiye anali diso lawo. Ine woyamba kubadwa, amene ndili ndi kantemba kanga kogulitsiramo zinthu pamsewu ku Chinyunyu ndipo ndimawaona sabata iliyonse, ndinali ngati mpando wa pakhonde. Sindikudandaula, ndikungonena.

Foni yoonetsa nkhope inali yanga, ndipo kwa atate netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa khola la mbuzi. Choncho Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkapalasa njinga kupita kumudzi, ine ndi atate n'kukwera chulucho, iwo ndodo m'manja, ine foni m'mwamba. Mng'ono wanga ankationetsa kachipinda kake, ketulo, bedi, ndi windo. Kunja kwa windolo kunali mtengo waukulu wa masamba achikasu. Ndipo kucheza kulikonse kunkatha ndi funso limodzi la atate: "Manje ubwela liti?"

Pasanapite nthawi masamba aja anayoyoka onse. Atate sanadabwe. Mitengo imayoyola, anatero, ngakhale yathu imavula m'nyengo yozizira, koma sichedwa kuvalanso. Anadikira. Kwathu mvula inagwa, tinabzala, chimanga chinafika m'mawondo, mtengo uja uli mbulanda. Khirisimasi inadutsa, tinapalira, tinathira feteleza, mtengo uli chomwecho, nthambi zakuda zili nyomi kuloza kumwamba kotuwa. Tsiku lina atate anauza mng'ono wanga kuti aloze foni kumsewu. Mitengo yonse ya mumsewumo inali yofanana ndi uja.

"Yauma yonse iyi," atate anagamula. "Mutengo ukankhala miyezi so ulibe tsamba, ni nkhuni chabe. Kulibe wootcha malasha kumeneko? Anthu a kuno asembe anasiliza kudala."

Ndinaseka mpaka foni inagwedera, chifukwa zinali zoona. Anyamata a makala a kwathu akanaufika msewu umenewo, wonse ukanalowa m'matumba sabata isanathe. Koma atate sankaseka. Kwa iwo mtengo uja unali umboni. Dziko limene mitengo imafa chiimire si dziko loti mwana wa munthu akhaleko. Kwanu n'kwanu, ankatero, m'thengo mudalaka njoka.

Atate akatsika pachulu, ine ndinkatsala ndi mng'ono wanga, ndipo apo m'pamene ankalira. Ntchito ankaikonda. Anaivutikira mayeso ake, ndipo odwala ake okalamba ankamufunsa akakhala kuti sanabwere. Koma ankatuluka m'nyumba kuli mdima n'kubwerera kuli mdima, kenako Lamulungu n'kumva bambo ake akumuitana.

"Ba sisi, ngati atate sanimasula, ine nizabwela chabe," anandiuza. "Siningakwanise kuzizila kuno na kuzizila kwa atate pamodzi."

Ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti kusukulu tonse tinaphunzira kuti kumayiko amenewo mitengo imagona nyengo yozizira n'kudzukanso. Anati akudziwa, ndipo anzake a kuntchito amamuuza zomwezo, kuti adikire mwezi wa Epulo. Koma kudziwa za m'buku n'kwina, kuyang'ana mtengo wakuda m'mawa uliwonse n'kwinanso. Iyenso ndi mwana wa atate, anakulira kumva kuti mtengo wopanda tsamba m'dzinja ndi wa nkhwangwa.

Atate sikuti anangokhala. Monga mlimi, anayesa kuuchiritsa mtengowo ali pachulu cha kumudzi kwathu. Poyamba analangiza kuti atenthe udzu wozungulira tsinde, poti kwathu tchire likapsa mitengo imaphuka msanga. Mng'ono wanga anati akangoyatsa machesi pamenepo, apolisi afika moto usanagwire. Atate anapukusa mutu, kudabwa dziko loletsa munthu kutentha udzu wake. Kenako anamutuma kuti akathyole kanthambi. Kakapindika, ndiye kuti mtengo uli moyo. Kakathyoka, basi. Mwana uja anavala chikhoti chake, anatsika masitepe foni ili m'manja, n'kukoka kanthambi ka m'munsi. Kanangoti thyo! Ngakhale ife pachulu tinamva.

"Wamvela?" atate anandifunsa, akundiyang'ana ngati ndine ndinauumitsa.

Tsiku limenelo ndinakangana nawo, chinthu chimene sindichita kawirikawiri. Ndinawauza kuti akumuzunza mwana, kuti iye sanapite kukalima mitengo koma kukagwira ntchito, ndipo kuti akabwerera chifukwa cha iwo adzakhala akuwayang'ana ndi diso lofiira moyo wake wonse. Ndinalankhula zambiri, pakamwa panga ndimapadziwa. Atate anandisiya mpaka ndinatopa.

"Iwe, mutengo uli na mizu, koma kwaukanika kuja," anatero mofatsa. "Nanga mwana wanga, amene alibe na muzu umodzi kumeneko?"

Ndinkaganiza kuti ndi liuma chabe la munthu wokalamba, koma anali mantha. Usiku ndi usana ankaona mwana wawo akuuma pang'onopang'ono kumalo kumene iwo sangafikeko ndi njinga. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ngakhale mkwiyo unali usanathe.

Chakumapeto kwa dzinja mng'ono wanga ananditsina khutu kuti waganiza zosiya. Anati mwezi wa Epulo ukatha akauza akuluakulu a kuntchito kuti akubwerera kwawo. Ndinamupempha kuti adekhe, paja kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mawu anga anali atatha mchere. Ndinkapalasa njinga kubwerera ku Chinyunyu mtima uli m'malere, ndikudziwa kuti mmodzi mwa anthu awiriwa aluza, ndipo onse ndi anga.

Lamulungu lina chimanga chitayamba kuuma m'minda, kamphepo ka masika kakuwomba, tinakweranso chulu. Mng'ono wanga sanapereke ngakhale moni. Anatsegula windo n'kutulutsa dzanja kunja. Poyamba sindinaone kanthu, chithunzi chinkadukaduka. Kenako chinakhazikika. Nthambi zija zinali zitatupa nsonga, ndipo pansonga iliyonse panali timasamba tating'ono ngati makutu a mbewa, tobiriwira, tonyezimira ndi madzi.

Atate anandilanda foni. Chiyambire anali asanaigwirepo, ankati imawaterera. Anaiyandikiza kumaso, kenako anaitalikitsa.

"Ni wamene uja?"

"Ni wamene uja, atate."

"Sanabzalepo wina usiku?"

Mng'ono wanga anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chichokereni. Anawaonetsa msewu wonse. Mitengo ina inali itachita maluwa oyera masamba asanatuluke n'komwe, ina inali ikadali yakuda koma yotupa nsonga. Atate anafunsa ngati wina anaithirira. Ayi. Anafunsa ngati wina anatentha udzu. Ayi. Chimene chinawadabwitsa koposa chinali mtundu.

"Yayamba na green? Siyamba kufiila?"

"Iyayi atate, kuno iyamba so chabe."

"Hmm. Ya ulesi maningi, koma ili moyo."

Anapitiriza kuyang'anitsitsa timasamba tija. Ine ndinkadziwa kuti tafika pamalo a funso lija, ndipo ndinaona kuti mng'ono wanganso akulidikira, chifukwa kuseka kunali kutachoka pankhope pake. Atate anakhosomola.

"Chija chikhoti unavala pothyola kamutengo, chizafika chaka chamawa?"

"Chinang'ambika pathumba chabe, atate."

"Ugule chinangu cholema. Osayembekeza mpaka mphepo iyambe, wamvela? Ugulile limodzi na nsapato."

Mwana uja anayankha kuti wamva, kenako anaphimba nkhope ndi dzanja. Atate anandibwezera foni osandiyang'ana. Ndinawapatsa mkono kuti nditsike nawo, koma anaukana, n'kutsika okha pang'onopang'ono, ndodo patsogolo.

Ndinatsala pachulu, mng'ono wanga akulira m'foni ndi chimwemwe, akundifunsa ngati ndamva zimene atate anena. Ndinamva. Dzinja lonse ndinkafuna mawu amenewo, koma atanenedwa mtima unandiwawa ngati pachitika maliro. Ndinkayang'ana msana wa atate, wowerama, jekete la kutchalitchi likuwakulira m'mapewa. Anafika pakhola, anatsegula, ndipo anazitsatira mbuzi kudambo osasintha n'zovala zomwe.