Domingas ndi Chimbale cha a Cipriano

M'tauni yonse ya Milange munalibe munthu wokwecha mapoto ngati Domingas. Ukampatsa poto wakuda bii, ankabwera naye ukudzionera nkhope. Luso limeneli ndi limene linampezera pogona atathawa nkhondo ku Molumbo mu 1991, iye ndi mwana wake Laurinda, yemwe anali ndi pakati. A Cipriano, mwini sitolo, anawapatsa kachipinda kuseri kwa nyumba, Domingas n'kumawatsukira ziwiya. Kwina kopita analibe.

Ndiye a Cipriano anabwera ndi chimbale chokokera zithunzi za wailesi yakanema, chachikulu ngati denga la nkhokwe, n'kuchiimika chagada pafupi ndi khomo la kachipindako. Kumsika nkhani inali yomweyo. Anthu ankati chimatulutsa cheza chosaoneka chimene chimaumitsa mwana m'mimba. Domingas mtima unali m'mwamba. A Cipriano anangoseka, amvekere chimbale chimangolandira ngati beseni lotchera mvula, sichitulutsa kanthu. Ankanena zoona, koma mantha alibe makutu.

Kwawo kwa Domingas chinthu choopsa, chimene amati n'chotentha, amachiziziritsa ndi phulusa. Choncho tsiku lina bwana atapita ku Muloza kukapikula sopo, iye anakwera pamtondo, phulusa ndi mchenga zili m'manja. Poti dzanja lozolowera silidziwa kuleka, anakwecha m'mawa wonse mpaka utoto wotuwa uja unatha, chimbale chili waliwali. Kenako anatenga chitenje chimodzi chokha chimene ankasungira mdzukulu wodzabadwayo, n'kukulunga kabokosi kamene kanali pansonga ya zitsulo pakati pa chimbalecho, akuti kutseka diso lake.

Dzuwa litafika paliwombo kunamveka fungo. Chitenje chinali kufuka. Posakhalitsa moto unabuka, kabokosi n'kumadontha ngati phula. Anthu anathamangirako atagwira pakamwa, akuti moto wopanda machesi, chimbale chadziulula chokha.

A Cipriano atafika anayang'ana kunyezimira kuja n'kugwira mutu.

"Mayi, mwasandutsa chimbale changa galasi. Chasonkhanitsa dzuwa lonse pamalo amodzi. Kabokosi aka kanachokera ku Joni."

"Patarau, bwana wanga, ine ndimateteza mdzukulu wanga," anatero Domingas.

"Kumuteteza ku chiyani? Ichi chinalibe moto. Moto mwauika ndinu."

A Cipriano anawauza kuti dzuwa likamalowa, m'kachipindamo musapezeke munthu. Domingas anayang'ana manja ake otuwa ndi phulusa kwa nthawi yaitali, osakhulupirira kuti manja omwewa, amene anampezera denga, ndiwo amuchotsera.

Madzulo anthu anawaona mumsewu wa ku Muloza. Domingas anali patsogolo atasenza kapoto kake. Laurinda, mimba ya miyezi isanu ndi itatu, ankatsatira pang'onopang'ono atagwira m'chiuno, alibe ngakhale chitenje chodzaberekera mwana.