Ndinachita manyazi kufunsa dzina la apongozi

Inu owerenga, ine ndi bambo wamkulu ndithu, wogulitsa zitsulo za njinga ku Kapata, koma ndinachita zinthu zopusa zimene mpaka lero zimandinyansa ndikazikumbukira. Foni inandichenjeza bwinobwino, ine n'kudina dala ndi chala changachi.

Apongozi anga aakazi ankakhala cha ku Mtenguleni. Maso anayamba kuwavuta, ndipo adokotala ananena kuti akapanda kuchitidwa opaleshoni msanga sadzaonanso. Monga mkamwini, ndinalonjeza kuti ndalama ndipeza ine. Ndinagulitsa katundu wanga motchipa, ndalamazo n'kukwana.

Ndiye anandiimbira foni mlamu wanga Gideoni, mlongo wake wa mkazi wanga, amene ankakhala ndi apongoziwo kumudziko. Anati amayi ali ndi akaunti yawo kubanki yolandirira ndalama za soya, ndingoponya m'menemo, iye awaperekeza kuchipatala. Nambala anatumiza.

Mukudziwa kuti masiku ano ukalemba nambala ya akaunti, foni imayamba yakuonetsa dzina la mwini wake, n'kukufunsa ngati ndi yemweyo. Panatuluka dzina loti Precious Tembo. Apa m'pamene panagona vuto. Kwathu kuno apongozi timawaopa. Sutchula dzina lawo, sukhala nawo pamphasa imodzi, mukakumana panjira umapatuka. Zaka zonse za ukwati wanga ndinkangowadziwa kuti aNaTembo, basi. Ndinakayika ndithu. Gogo wa kumudzi, wobadwa kalekale, n'kukhala Precious? Koma ndinadzitonthoza kuti Tembo ndi Tembo, mwina ndi dzina la paubatizo.

Chondinyansa kwambiri n'chakuti mkazi wanga anali pomwepo pakhonde akusita malaya anga. Kunali kungotsegula pakamwa. Koma ndinaona ngati ndi mwano kufunsa dzina la apongozi, komanso manyazi kuti aziti bambo uyu mpaka lero sadziwa dzina la amayi. Ndinadina, ndalama n'kupita.

Gideoni anayamba nthano zake. Lero adokotala kulibe, mawa makina afa, mkuja atiuza tibwere mwezi wamawa. Ife n'kumakhulupirira. Mkazi wanga atatopa anakwera basi kukaona yekha, ndipo anapeza amayi ake akufufuza chitseko ndi manja. Chitumizireni ndalama zija, kuchipatala anali asanapondeko. Akaunti analibe n'komwe, chibadwire.

Nditamuonetsa uthenga umene banki inanditumizira tsiku lija, mkazi wanga anangogwira pakamwa. “Bambo a Tamara, amayi dzina lawo ndi Velina! Simukanandifunsa?”

Precious uja anali chibwenzi cha Gideoni, mtsikana woluka tsitsi ku Mwami. Ndalama za maso a mayi ake om'bereka anagulira sofa ndi firiji ya chibwenzi. Zonyansa! Kubanki anandilandira mwaulemu, koma anandikumbutsa kuti dzina linaoneka ndipo ndinavomereza ndekha, tsono ndikadandaule kupolisi. Apongozi anakana kwamtuwagalu, amvekere mwana wawo asamangidwe iwo ali moyo. Ndikanatani ine mkamwini?

Pamene tinkapeza ndalama zina n'kuwatengera kuchipatala, adokotala anangopukusa mutu. Tinali titachedwa.

Abale anga, dzina likatuluka pafoni, liwerengeni ngati mukuwerenga dzina la mankhwala. Likakukayikitsani pang'ono pokha, imani, funsani, imbirani mwini wakeyo ndi pakamwa panu. Nambala yobwera kudzera mwa munthu wina, kaya ndi m'bale, kaya ndi mkulu wa mpingo, musaikhulupirire msanga. Akamwini anzanga, ulemu ndi wabwino, koma dzina la apongozi lidziweni, mulisunge mumtima. Kufunsa sikupha munthu.

Pano apongozi tikukhala nawo ku Kapata, ndipo ana ndi amene amawagwira dzanja. Gideoni amabwera Lamlungu lililonse atavala bwino, osachita manyazi ngakhale pang'ono, n'kukhala pampando wanga. Amayi ake amamuzindikira ndi mawu okha, n'kumugwira dzanja, n'kuitana mkazi wanga kuti amuwonjezere nyama mlongo wakeyo, chifukwa dzanja lake likumveka ngati waonda.