Malume, benchi yakumbuyo ija ikadalipo

Lero potuluka m'tchalitchi ku Tamanda ndamva ng'oma za gule chapatali, ndipo ndakumbuka inu, malume. Akulu a mpingo anakuletsani mgonero chifukwa munakana kusiya za kudambwe, komabe Lamulungu lililonse munkabwera, n'kukhala pa benchi yakumbuyo, n'kumaimba mokweza kuposa tonsefe.

Tsiku lina pobwerera kunyumba, mutandikweza panjinga, ndinakufunsani ngati sizinkakupwetekani mumtima. Muli kupalasa, munati, "Mphwanga, andiletsa mkate, koma khomo sananditsekere. Zotsalazo ndikakambirana ndi Mwini wake." Mpaka lero sindidziwa kuti ankalakwa ndani, inu kapena akuluwo. Koma mtima wanga uli m'malo, poti tsopano mukukambirana naye nokha, ndipo kumeneko kulibe wokukhazikani kumbuyo.