Mbali ya Kumanzere ya Khonde la Amayi

Amayi adagwa m'munda wa kachewere mwezi wa Juni, chaka chachiwiri nditakwatiwa. Tidawanyamula pamachila mpaka kuchipatala cha mishoni, ndipo asisitere adati ndi matenda a kufa ziwalo, magazi ankathamanga kwambiri. Atabwerako ankayenda mokoka mwendo wa kumanzere, dzanja la mbali yomweyo lili lende. Koma pakamwa padatsala pabwinobwino. Ankatha kukalipira nkhuku monga kale, ndiye tonse tidati achira.

Amuna anga adali pa chikamwini kwathu, kumunsi kwa phiri la Chongoni. Adali munthu wa ulemu wotopetsa. Ngakhale a chipani akawaimitsa pamsika kufunsa khadi, iwo ankayamba ndi kuvula chipewa. Apongozi awo, amayi angawo, sankawayang'ana kumaso, monga mwambo unkanenera. Akakumana panjira ankapatukira kutchire. M'mawa uliwonse ankabwera kudzanjuta pakona ya nyumba, chakumbali, n'kuomba m'manja kupereka moni. Amayi ankakhala pakhonde kuothera dzuwa, ndipo konayo idali kumanzere kwawo.

Chichokereni kuchipatala, moniwo sudayankhidwenso. Amuna anga akati, "Mwadzuka bwanji amayi?" amayi ankatembenuzira nkhope kumanja, kuyang'ana kunkhokwe, n'kukhala chete. Tsiku lina ndidalowererapo.

"Amayi, apongozi anu akukupatsani moni."

"Ali kuti?" adatero, maso ali kunkhokwe komweko. Kenaka adandiyang'ana ine nthawi yaitali.

Amuna anga adadzuka mwakachetechete, n'kutenga khasu. Sadasiye kubwera. Ankadula nkhuni m'phiri n'kuziunjika pakona pomwepo, koma amayi ankadandaula pamaso pa alendo kuti masiku ano palibe wowatemera nkhuni. Muluwo udali poti akadatambasula dzanja akadaukhudza.

Pamudzi nkhani sichedwa. Kuchitsime ankati amayi adali kumuda kale mkamwiniyo, matenda angowachotsa manyazi. Ena ankati akumuganizira kuti ndiye adawalodza. Ine ndidakwiya ndi amayi, ndipo ndinkawasambitsa osawalankhula. Kwathu mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Apongozi akamukana, sakhalitsa. Atsibweni a amuna anga adafika kuchokera ku Kaphuka ndi mawu ochepa: "Ngati mwana wathu mwatopa naye, tiuzeni timutenge." Ankhoswe adagwirizana zokumana Lamulungu lotsatira. Ine ndidali ndi pakati.

Mkati mwa sabata imeneyo lidakwana tsiku lobwerera ndi amayi kuchipatala. Tidapezako dokotala wachilendo wochokera kuchipatala chachikulu, amene ankayendera zipatala za mishoni kufufuza za kayendedwe ka magazi mu ubongo. Asisitere adati wakhala akuona anthu onse akufa ziwalo m'dera lathu. Adali wamtali, wovala juzi ziwiri, ndipo chisanu cha kwathu chinkamuzunza moonekeratu.

Adawapima amayi mkono, n'kuwagogoda mawondo. Kenaka adapempha nyemba kukhitchini, n'kuzindandalika patebulo mzere umodzi.

"Amayi, tolani nyemba zonsezi."

Amayi adatola za kumanja mpaka pakati, n'kupukuta dzanja pachitenje.

"Zatha?"

"Zatha, bambo."

Theka la nyembazo lidali pomwepo. Dokotala adaima kumanzere kwawo n'kuwaitana. Amayi adatembenukira kumanja, kukhoma. Ine kutembenuka kumeneko ndinkakudziwa. Dokotalayo nkhope idawala ngati watola chinthu panjira, ndipo zimenezo zidandinyansa pang'ono.

Adandifunsa ngati tili ndi dimba. Ndidati tili nalo. Adati mu ubongo magazi amayenda ngati madzi m'ngalande, ndipo ngalande imodzi ikatsekeka, bedi la kumeneko limauma. Mwa amayi padauma mbali imene imasamala zonse za kumanzere. Maso ndi makutu zidali bwino, koma kwa iwo dziko linkathera pamphuno pawo, ndipo iwo eni sankadziwa kuti pali chosowa. Apo ndidakumbukira kuti phala ankadya mbali imodzi ya mbale, ife n'kumati alibe chilakolako.

"Zidzatha?"

"Mwa ena zimachepa. Sindingalonjeze. Wofuna kulankhula nawo azibwera chakumanja, aime pamaso pawo penipeni."

Iye adanena ngati chinthu chapafupi. Sadafunse kuti wofuna kulankhula nawoyo ndani.

Nditawafotokozera amuna anga madzulo ake, adamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu.

"Ine kuima pamaso pa apongozi anga? Anthu adzati chiyani?"

"Nanga panopa akuti chiyani?"

"Mwina dokotalayo sadziwa za kuno."

"Sadziwadi. Koma nyembazo ndaziona ndi maso angawa."

Lachisanu adapitanso pakona yawo ija, ndipo amayi adayang'ana kunkhokwe. Loweruka chimodzimodzi. Ine ndidasiya kuwaumiriza. Ndidaona kuti achapa malaya awo onse n'kuwapinda, ndipo sindidafunse.

Lamulungu m'mawa kudali nkhungu. Ankhoswe adali atakhala kale pansi pa mtengo wa pichesi, akudikira kuti ena abwereko ku Misa yoyamba. Amayi adali pakhonde atafunda bulangete. Amuna anga adafika pakona, adaima pang'ono, kenaka adapitirira. Adazungulira bwalo lonse kudzera kunkhokwe, chipewa chili m'manja, anthu onse akuwaona, mpaka adagwada patsogolo pa amayi. Maso adali pansi.

"Mwadzuka bwanji amayi?"

Amayi adadzidzimuka. Adakoka bulangete kuti aphimbe nkhope monga mwa mwambo, koma ndi dzanja limodzi lidawapulumuka. Adangowayang'ana amuna anga kumaso, koyamba chikwatiwireni ine.

"Bambo, mwabwera?" adatero amayi. "Mudapita kuti nthawi yonseyi? Ine ndimati mwamuthawa mwana wanga chifukwa cha matenda angawa, ndipo iyeyu akungondibisira."

Pansi pa pichesi padalibe wotsokomola.

Mlandu sudakambidwe. Atsibweni aja adamwa thobwa n'kubwerera ku Kaphuka dzuwa lisanatenthe. Amayi adakhala zaka zina zingapo, ndipo kumanzere sikudabwerere konse. Amuna anga ndiwo ankawatembenuzira mbale akadya theka, atakhala pamaso pawo, ndipo mpaka tsiku lomaliza ankayang'ana pansi.