Maso a m'kabotolo

Cholakwa changa choyamba chinali kusuzumira pazenera la munthu ndisanaodire. Chachiwiri chinali kuuza mkazi wanga zimene ndinaona.

Chaka chimenecho, cha m'ma 1990, kusukulu yathu kufupi ndi Kambombo kunabwera mphunzitsi wamkazi wochokera kutauni. Nyumba yake inali kuseri kwa dimba langa, ndipo ankandipatsa manyuzipepala akale amene anakulungira mbale zake. Ine sukulu ndinalekeza giredi folo. Zina zonse ndinadziphunzitsa ndekha, mpaka anthu ankandibweretsera makalata ndi mabotolo a mankhwala kuti ndiwawerengere. Ndinkayenda ndi bolopeni m'thumba la malaya, ngakhale inki inauma kalekale.

Tsiku lina dzuwa litapendeka ndinapita kukabweza nyuzipepala. Pazenera ndinaona a Madamu, mphunzitsi uja, atakanula chikope ndi chala, nkutsina diso, nkuchotsamo kanthu konyezimira. Anakaika m'kabotolo ka zivindikiro ziwiri. Kenako diso linalo chimodzimodzi. Ndinabwerera mwakachetechete, nyuzipepala ili kukhwapa.

"Usauze munthu," ndinatero kwa mkazi wanga. "Mayi uja amavula maso."

Sanauze munthu, anangouza mng'ono wake. Pofika Lachisanu nkhaniyo inandibwerera kuchokera kumjigo itanenepa. Akuti maso a masana amawagoneka m'madzi, nkuvala ena oonera m'nyumba za eni. Akuti nchifukwa chake amadziwa mwana amene sanasambe asanalowe ndi m'kalasi momwe. Makolo anayamba kuletsa ana. Kalasi ya a Madamu inatsala ndi mabenchi okhaokha, ndipo ndinamva kuti akuganiza zopempha kusamutsidwa. Tinali titadikira mphunzitsi ameneyo zaka ziwiri. Ine ndinangosiya kukatenga manyuzipepala.

Mu Seputembala, nthawi ya mphepo ya fumbi, akazi akupeta mpunga pabwalo pathu, a Madamu anatulukira akuthamanga, dzanja lili padiso lakumanzere.

"Bambo, thandizeni. Kagalasi kanga kasowa m'diso. Ndinatikita chifukwa cha fumbi, manje sindikukapeza."

Akazi anasiya malichero nkusendera kumbuyo. Wina anakoka mwana wake.

"Galasi m'diso?" anafunsa wina chapansipansi. "Linalowa bwanji?"

Ndinali ndi buku la thupi la munthu lopanda chikuto, limene ndinaligula kwa wogulitsa fodya asanalimalize kupichira ndudu. Ndinalitulutsa, nkunyowetsa chala, nkupeza chithunzi cha diso lodulidwa pakati. Kumbuyo kwake kunali kachingwe kopita ku ubongo. Ndinatsokomola ngati dokotala.

"Apa zavuta. Ngati katsetserekera kumbuyo, njira yake ndi iyi. Kakupita kumutu."

A Madamu anakhala pansi pamtondo wogonekedwa. Iwo ankadziwa kuvala timagalasito, koma za kuseri kwa diso sanauzidwepo. Chipatala chinali mtunda wa maola atatu panjinga, ndipo njinga yanga inalibe tcheni.

Ndiye kunalankhula aneba anga, mayi wamasiye wa mbali ya kumtsinje. Ndiwo ankachotsa zitsotso m'maso mwa anthu m'mudzi wonse. Mankhusu a mpunga, timbewu ta udzu, tizirombo, zonse ankazinyambita ndi nsonga ya lilime nkulavula.

"Tsekani buku lanulo, aneba. Chiyambire kuchotsa mankhusu sindinamvepo kuti limodzi lapita kumutu. Diso ndi thumba, kumbuyo nkosoka. Chikalowa chimangobisala m'mwamba."

"Ndiye nyambitani," ndinatero.

"Ine? Lilime langa m'diso limenelo?" Anandiyang'ana, nkuyang'ananso a Madamu. "Sindikudziwa kuti lero avala maso ati. Patseni kamtengo ka machesi."

Anasamba m'manja, nkuuza a Madamu kuti ayang'ane pansi. Anagoneka kamtengo pachikope cha m'mwamba, nkugwira nsidze, nkuchipinda. Anebawo anali atakhotetsa khosi ngati munthu wosuzumira una wa njoka. M'mwambamo, pofiira, panali kanthu kopindika pakati, ngati mamba a nsomba.

"Ndi aka kakupita ku ubongo aka?" aneba anandifunsa.

A Madamu anakachotsa okha ndi chala, misozi ili chuchuchu, nkukaika pachikhatho. Poyamba palibe anayandikira. Kenako mkazi wanga, amene sakonda kutsalira pa nkhani, anasendera.

"Nanga diso lenileni lili kuti?"

"Si ili, mayi? Silichoka. Aka ndi magalasi chabe, monga amene amavala a katekisiti aja, koma opanda miyendo. Popanda aka nkhope yanu ndimaiona ngati dzungu."

Wina anaseka. Kagalasiko kanayenda pachikhatho chawo kuzungulira bwalo, aliyense akupinda msana, manja ali kumbuyo. Mayi wina anafunsa kuti nanga mwana wosasamba amamudziwa bwanji.

"Ameneyo ndimamva ndi mphuno," anatero a Madamu.

Lolemba ana anabwerera, osati onse. Mabanja awiri anadikira mpaka mvula, kuti aone kaye. A Madamu sanapemphenso kusamuka. Ndinapita kukapepesa ndi nkhuku, ndipo ulendo uno ndinaodira ndili patali. Anandimvetsera, nkulandira nkhuku, nkundipatsa manyuzipepala. Pazenera panali patapachikidwa chitenje.

Buku lija ndinaliwerenganso bwinobwino. Pansi penipeni pa chithunzi panali mawu aang'ono ofotokoza kakhungu kopyapyala kamene kamachokera kuchikope nkukamatirira padiso, kutseka njira ya kumbuyo. Tsamba limenelo wa fodya sanaling'ambe. Ndine ndinangoona chithunzi, monga amachitira osadziwa kuwerenga.

Ndinapita nalo kwa aneba, akusankha mpunga pakhonde, kukawauza kuti buku likugwirizana nawo.

"Lachita bwino," anatero, osadzutsa mutu. "Koma diso lanu lokha, aneba, kumbuyo nkobooka. Chimene laona chimagwera pakamwa."