Andibisira soda wa therere

"Mukufuna mundifere m'nyumba muno inu?" Amake Chikondi anandikalipira choncho dzulo madzulo, maneba onse akumva. Mwadzuka bwanji abale anga nonse pagulu pano, imvani kaye mbali yanga asanakuimbireni.

Dzulolo ndimachokera kuntchito, ndipo pokwera kachitunda ka kwathu ku Bangwe pachifuwa panandithina ngati munthu wandikhalira. Ndinaima pagolosale, thukuta lozizira lili kamukamu, mpweya ukuperewera. Ine ndinati ndi chilungulira basi, poti masana ndinadya tchipisi cha mafuta ambiri. Nditafika kunyumba ndinafuna soda wa therere kuti ndisungunule m'madzi ndimwe, monga ndakhala ndikuchitira masabata onsewa. Mayiwa anali atabisa. Mkangano unayambira pamenepo.

Ndinawauza kuti thupili ndi langa, sindine mwana. Koma ndikuwaloza chala chomwecho, dzanzi linagwira mkono wamanzere, ululu n'kukwera mpaka m'nsagwada. Mkono unatsika wokha. Iwo ataona anasiya kulalata, n'kungonena motsitsa kuti chilungulira sichifika m'nsagwada. Zimenezo ndiye zinandikwiyitsa koposa.

M'mawa uno ndakwera minibasi ndekha kubwera kuchipatala kuti adokotala adzawatsutse. Nditangotchula za mkono ndi nsagwada, anesi andichotsa pamzere n'kundigoneka pabedi. Akuti ayeze mtima pompano, ndipo ndimayenera kubwera dzulo lomwelo.

Sindikuti mlamu wanu wapambana ayi, zotsatira sizinatuluke. Koma achimwene aakulu, mukuona bwanji, ndiwaimbire ndekha kapena muwauze ndinu kuti abwere ndi bulangete?