Masamba omaliza

Dzulo mwana wanga wabwera ndi kabuku ka kusukulu, ka mmphawi wotola chuma mwadzidzidzi. Nditakagwira, ndinakazindikira: kanalinso kwathu ndili mwana.

Chaka chimene achemwali anga ankakawerenga mokweza kwathu ku Chikanda, bambo anatola mwala wonyezimira akucheka matabwa kuphiri. Zimene achemwali awerenga lero, mawa zinkachitika. Anthu osatipatsa moni anayamba kudzacheza, maso ali kuchipinda kwa bambo.

"Kumapeto zikutha bwanji?" ndinafunsa.

"Mwana wamng'ono amafa," anatero achemwali.

Wamng'ono m'nyumbamo ndinali ine. Ndinang'amba masamba omaliza n'kuwatentha pambaula. Mawa lake bambo anakataya mwalawo kudamu la Mulunguzi.

Ndinakula ndikuti ndinadzipulumutsa ndekha. Amayi ndiwo anadzandiuza, bambo atamwalira, kuti tsiku lija bambowo anali chiimire pakhomo, akumva.